Minibasi yanga ikuoneka chidole pa kamera, ndithandizeni ma setting

Mfana_wa_Kawale:

Moni akuluakulu nonse. Ndikudziwa muno muli anthu oti kamera munayamba kuigwira kalekale, nde chonde ndithandizeni pa vuto ili.

Ine ndi anzanga tikupanga kafilimu kakafupi, nkhani yake ndi ya kondakitala wa minibasi tsiku loti mvula yavumba usiku onse mitsinje yadzadza, ngati zija zinachitika ku Mtandire mu February 2017 mtsinje wa Lingadzi utasefukira. Nkhani ikafika pachimake minibasi ikuyenera kukwera pa mlatho wamatabwa, mlathowo nkuthyoka galimoto nkupendekekera mmadzi. Zogwetsera minibasi yeniyeni mumtsinje nzosatheka, nde tinagwirizana zopanga tinthu ting'onoting'ono nkutijambula ngati zenizeni. Kaminibasi ndinakapeza pa zidole za kaunjika ku Tsoka, nkachitsulo, kutalika kwake masentimita 20, kunsi kwake kunalembedwa sikelo ya 1:24, ndiye kuti nkochepa ka 24 poyerekeza ndi minibasi yeniyeni. Mlatho tapanga ndi nsungwi ndi tizidutswa ta matabwa tomwe akalipentala ena ku Mchesi anatipatsa, mtsinje ndi pepala la pulasitiki lakuda tayala pa chitseko chakale nkuunjika dothi mbali zonse ziwiri, madzi timathira ndi ndowa chakumtunda. Ndi maso zikuoneka bho kwambiri moti aliyense obwera pakhomo amayamba waima kaye kuziyang'ana.

Koma pa kamera zikukanika. Aliyense tikamuonetsa akungoti ichi nchidole. Kutsogolo kwa minibasi kukuoneka bwino koma kumbuyo kwake ndi mlatho onse zili mbuu, ikamagwa ikungogwa kamodzinkamodzi osaona nkomwe kuti chachitika nchani, madzi akuthovukira madontho akuluakulu olingana ndi tayala la galimotoyo, komanso pali mizere yakuda ikumayenda pa chithunzi kuchoka mmwamba kutsika mmunsi.

Kamera ndi Canon 600D ya malume anga, lenzi ndili nazo ziwiri, 50mm f/1.8 ndi ija imabwera ndi kamera ya 18-55. Tikumashuta madzulo mchipinda ndi mababu a LED awiri, ndikumaika 50mm pa f/1.8 kuti kuwala kulowe kokwanira, shutter (nthawi yomwe kamera imatsegulira kuwala) 1/60 ya sekondi, ISO (mphamvu yomwe kamera imamvera kuwala) 1600, 30 fps (mafuremu 30 pa sekondi). Ndisinthe chani? Kapena model yake, tinthu tapangati, ndi imene ili yosakhala bwino?

Madala_a_Kamera:

Mphwanga mwachita bwino kuika manambala onse, ndi amene akuulula pomwe pali vuto. Model yanuyo isiyeni kaye ilibe mlandu. Nkhani yagona pa f/1.8 yo ndi kushutira mnyumba.

Mukaima pa depoti ku Old Town nkujambula minibasi yeniyeni ili chapatali, bampala yakutsogolo, tayala lakumbuyo, mavenda ali kuseri kwake, ngakhale shopu ili tsidya la msewu, zonse zimaoneka bwinobwino nthawi imodzi. Maso athu anazolowera zimenezo. Nde munthu akaona chithunzi choti kachigawo kochepa kokha nkomwe kali mu fokasi kwinaku kuli mbuu, amadziwiratu kuti kamera inali pafupi kwambiri ndi chinthucho, ndipo chinthu choti kamera nkuchiyandikira chonchi chimakhala chaching'ono basi. Sizifuna sukulu, ngakhale agogo kumudzi angakuuzeni kuti ichi nchidole. Lenzi ya 50mm pa f/1.8, chinthu chili mita imodzi kuchoka pa kamera, malo omwe amakhala mu fokasi sakwana nkomwe masentimita 3. Minibasi yanu ndi masentimita 20, mlatho mwina theka la mita, nde mukuona nokha.

Chotsani 50mm yo muike 18-55 ija anthu amakonda kuinyozayi, muisiye pa 18mm, aperture (kabowo kolowetsa kuwala mu lenzi) mutseke mpaka f/16, autofocus muzimitse, fokasi muike ndi dzanja pa chinthu chomwe chili mita imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Mukatero chilichonse kuyambira chapa theka la mita kutsogolo kwa kamera mpaka phiri lili kutalitali chizioneka. Musafike pa f/22, kabowo kakachepetsetsa chithunzi chonse chimayambanso kufewa.

Tsono kutseka kabowo kumadya kuwala heve. Kuchoka pa f/2 kupita f/2.8 kuwala kwatsika ndi theka, f/4 theka linanso, f/5.6, f/8, f/11, f/16 chimodzimodzi sitepe iliyonse. Kuchoka pa f/1.8 yanuyo kudzafika f/16 mukufunika kuwala kochuluka pafupifupi ka 80. Ndiye kuti mababu anu awiri aja asanduke 160, ndipo apo mukadali pa ISO 1600 yomwe pa 600D imadzadza chithunzi ndi timadonthomadontho. Palibe mwa ife angakwanitse zimenezo. Nyamulani chitsekocho mutuluke nacho panja, getsi loposa dzuwa la Lilongwe simulipeza ndipo silifuna mayunitsi. Ojambula akale anali ndi lamulo amati Sunny 16, loti dzuwa likamaswa mtengo kulibe mitambo, pa f/16 shutter imangofanana ndi ISO. ISO 100 shutter 1/100, ISO 200 shutter 1/200. Taonani mmene zikugwirizanirana ndi zomwe mukufunazi, f/16 yomwe model ikufuna ndi yomweyo dzuwa likukupatsani, pa ISO yotsikitsitsa chithunzi chili choyera bwino.

Panja palinso phindu lina. Chitsekocho muchikweze pa tebulo kapena pa madiramu, mupeze malo poti kumbuyo kulibe mpanda kapena mawaya a magetsi pafupi, kukhale thambo lenileni ndi mitengo yakutali. Mukatuluka pang'ono mtauni njira ya ku Bunda, kapena poti phiri la Ngwenya likuoneka chakutali, mlatho wanu wa nsungwi uzioneka uli kutsogolo kwa phiri lenileni ndipo zonse zili mu fokasi, simufunanso kupenta thambo pa katoni. Ndipo kamera itsike. Munthu wa mita 1.7 mukamugawa ndi 24 ndi masentimita 7, ndiye kuti pakati pa lenzi pakhale masentimita 7 kuchoka pa dothi la model. Ambiri amajambula ataimirira kamera itaweramira pansi, kuteroko ndi mmene mwana amaonera galimoto yake ya mawaya.

Za kugwa mwachanguzo ndi masamu, koma osavuta. Chinthu chikagwa kuchoka mamita 5 chimatenga sekondi imodzi kuti chifike pansi. Mu model ya 1:25 mamita 5 amenewo ndi masentimita 20, ndipo kugwa masentimita 20 kumangotenga 0.2 ya sekondi, kufulumira ka 5. Nde kuti diso likhulupirire kuti chinthucho ncholemera, mumashuta mafuremu ochuluka ka 5 nkudzawaseweretsa pa liwiro la nthawi zonse. Lamulo lake mumatenga square root ya sikelo (nambala yoti mukaichulukitsa ndi iyo yomwe ikupatsani sikeloyo) nkuchulukitsa ndi 25 fps. Pa 1:4 ndi 50 fps, pa 1:16 ndi 100 fps, pa 1:24 yanuyi ndi chapa 120. Apa nde 600D yatsalira, imathera pa 50 kapena 60 fps ndipo pa 720p pokha, chithunzi chocheperako kukula. Yesanibe 720p pa 50 fps, shutter 1/100, f/16, ISO 100 padzuwa, nkutsitsa liwiro ndi theka mukamaedita. Sizifika penipeni koma muona kusintha kwakukulu. Mukapeza kamera kapena foni ya 120 fps, shutter izikhala chapa 1/250 ndipo ISO ikwere kufika 200.

Wa_ku_Biwi:

Amwene za mizere yakudazo ndiyankhe ine. Magetsi athu kuno ndi a 50 Hz, mababu ambiri otchipa a LED ndi ma chubu aja amathwanima ka 100 pa sekondi, maso sitiona koma kamera imaona. Inu mwaika 30 fps ndi 1/60, amenewo ndi ma setting a ku America komwe magetsi ndi 60 Hz, nde kamera ndi babu sizikuyendera limodzi, mizere nkumatuluka. Makamera ambiri amabwera kuno ali choncho kutengera komwe anagulidwa. Lowani mu menu mupeze pomwe alemba Video system musinthe kuchoka NTSC kupita PAL, mukatero 25 ndi 50 fps zitulukira. Mnyumba muzikhala pa 1/50 kapena 1/100 basi. Ndipo filimu yonse ikhale 25 fps kuyambira pano, osasakaniza ndi 30, zimadzavuta pa laputopu zithunzi nkumadumphadumpha. Mukamvera Madala nkutuluka panja vutoli latheratu lokha chifukwa dzuwa silithwanima, koma ma scene a mnyumba a kondakitala ndi mkazi wake muzikumbukira zimenezi.

Nachisale47:

Achimwene, ine kamera sindiidziwa kwenikweni, ntchito yanga ndi yokonza malo ndi zovala pa masewero, nde ndilankhulako za model yo. Madala akuti ilibe mlandu, ine ndikuti mukangotseka pa f/16 zonse nkuyamba kuoneka bwinobwino, milandu yake iyamba kutuluka. Chimbuuzi chija chimabisa zambiri.

Choyamba kunyezimira. Zidole zimabwera ndi penti yowala ngati yangotuluka kufakitale, ndipo padzuwa iziphetima moti aliyense adziwa. Tayang'anani minibasi za ku Area 25 kapena za ku Likuni, ndi iti imawala choncho? Kaminibasiko mukapale pang'ono ndi sandipepa yosalala kwambiri, kenako musungunule penti yakuda ndi yabulauni mmadzi ambiri ikhale ngati tiyi wopepuka, muipake paliponse nkupukuta ndi kansalu, yotsalayo imakhalira mmizere ya zitseko ndi mmakona, galimoto nkuoneka yoti yayenda. Mmunsi mwa zitseko ndi pamwamba pa matayala mudonthezemo dzimbiri. Katondo mumusefe ndi sefa ya ufa, osati dothi lamibulu, chifukwa kamwala ka sentimita imodzi pa 1:24 ndi chimwala cha masentimita 24, nde msewu wanu uzioneka ngati kuli miyala yokhayokha. Wosefayo mumuwaze pa matayala ndi pa galasi lakumbuyo konyowa kuti amatirire. Mawindo muwadetse mkati kuti asamaoneke kuti mulibe anthu, kapena mudule timitu ndi timapewa pa katoni yakuda nkumata mkatimo, kunja kuzingooneka zithunzithunzi za anthu okhala mothithikana. Kumbuyo mumangirire katundu, kathumba kosokedwa ndi kachidutswa ka saka nkuikamo mchenga, chitseko chakumbuyo chisatsekeke bwino chimangidwe ndi ulusi ngati chingwe. Zimenezi ndi zomwe munthu wa kuno akaona amakhulupirira asanaganize nkomwe.

Mitengo musagwiritse nthambi za masamba enieni, tsamba limodzi la mango likhala lalikulu kuposa chitseko cha minibasi. Zulani tizitsamba touma mutembenuze mizu iyang'ane kumwamba, mizu imagawikana tinthambi ting'onoting'ono ngati mtengo weniweni, muipake guluu nkuwaza masamba a tiyi ouma kapena utuchi woviika mu penti yobiriwira, utuchi ku Mchesi komweko angokupatsani. Udzu ndi bango za mmbali mwa mtsinje, masulani chingwe cha khonje mudule tizidutswa nkubzala mmatope. Ndere zomera pa zipupa nthawi ya dzinja zimakhala bwino kwambiri ngati tchire. Mukafuna kanyumba chapatali, malata mumapanga ndi foyilo, mumaidinda pa mano a chipeso kuti ituluke mizere.

Mlathowo ndi umene ndikuudera nkhawa. Nsungwi ndi yolimba, siithyoka ndi kulemera kwa chidole, ingopindika nkubwerera kapena mlatho onse ugwa wathunthu ngati thireyi. Matabwa a pamwamba mupange ndi chinthu chosachedwa kuthyoka, timitengo ta machesi, mapesi ouma owaza mopyapyala, ndipo pomwe mukufuna pathyoke mudulepo kale ndi leza kunsi kwake kungotsala pang'ono. Mzati umodzi usamatidwe, ungoimikidwa, mumangirire chingwe cha mbedza chija chosaoneka, mnzanu akoke minibasi ikafika pakati. Pansi pa matabwa mubisepo fumbi ndi tizinyenyeswa kuti zizigwa nawo. Ndipo mupange milatho iwiri kapena itatu yofanana musanayambe, chifukwa ukathyoka wathyoka, dzuwa silidikira kuti mumatenso.

Mfana_wa_Kawale:

Zikomo kwambiri nonse, PAL ndasintha kale ndipo mizere yasiya. Achemwali a Nachisale za mizu zija sindikanaziganiza. Koma Madala pali chomwe chikundisokoneza, nkhani yathu ikuchitika tsiku la mvula, kumwamba kuli bii, nde ndikashuta padzuwa lowala zithunzithunzi zakuda zili pansi, sizitsutsana ndi nkhaniyo? Komanso mnzanga wina ali ndi foni yoti imajambula slow motion ya 120 fps, nditenge imeneyo kapena ndikhalebe pa Canon? Za madontho akuluakulu zija palibe wayankhapo.

Madala_a_Kamera:

Funso labwino mphwanga. Dzuwa mulifunabe koma mulifewetse. Tengani shiti yoyera ya pabedi, anthu awiri aigwire pamwamba pa model kapena muimange pa nsungwi zinayi, dzuwa lizidutsa mu nsaluyo. Zithunzithunzi zakuda zija zimasungunuka kuwala nkumaoneka ngati kwa mitambo. Nsalu imadya sitepe imodzi kapena ziwiri za kuwala, nde ISO muikweze kufika 200 kapena 400 koma f/16 musaisiye, ikavuta kwambiri tsikirani pa f/11 basi. Vuto lake ndi loti kumbuyo thambo ndi mitengo zikhalabe padzuwa, nde njira yabwino koposa ndi kudikira tsiku la mitambo yoyera yowala, lija kumakhala kopanda dzuwa koma ukayang'ana kumwamba maso amawawabe. Dzinja lathu kuyambira December mpaka March masiku otere ndi ambiri, ndipo mupezeratu thambo lenileni la mvula kumbuyo kwa mlatho wanu. Musamadalire kasikirini ka kamera panja, kamanamiza, yatsani histogram, kagirafu koonetsa kuwala kwa chithunzi, muone kuti mitambo siinapserere kukhala yoyera mbee. White balance, yoyang'anira mtundu wa kuwala, muichotse pa auto muike pa Cloudy, ndipo ma shot a anthu enieni mudzajambule pa setting yomweyo, kuwala kuchokere mbali yomweyo, apo ayi podzalumikiza zidzaonekeratu kuti ndi masiku awiri osiyana.

Ediita_Chinsapo:

Akulu ine ndikusiyana nanu pang'ono nonse, makamaka pa maganizo oti kugwa konseko kuoneke mu shot imodzi. Ma setting a Madala ndi olondola koma madzi samvera masamu amenewo. Dontho la madzi lili ndi kukula kwake, silichepa chifukwa choti galimoto yanu yachepa, nde ngakhale mushute 120 fps muona madontho omwewo akuluakulu, kungoti tsopano akuuluka pang'onopang'ono ndipo anthu awaona bwinobwino. Moto ndi chimodzimodzi. Nchifukwa chake ma studio akuluakulu akafuna za mmadzi amapanga ma model akuluakulu zedi, mu filimu ya Titanic ya 1997 sitima ija inali ndi model ya 1:20 yotalika kupitirira mamita 13. Ife tili ndi masentimita 20.

Zochepetsera vutoli zilipo. Madzi akhale amatope enieni, katondo wambiri mpaka asamaonekere pansi, mwayi wake madzi osefukira amakhala choncho kale ndipo pulasitiki wakuda uja abisika. Mudonthezemo sopo wamadzi otsukira mbale pang'ono pokha, amathandiza kuti madzi asamaundane madontho akuluakulu, mukachulutsa mupeza thovu lokhalokha. Osathira ndi ndowa pafupi ndi mlatho, talikitsani ngalande madzi achokere kutali mamita awiri kapena atatu kuti pofika pa kamera akhale akuyenda mosalala koma mwamphamvu, nkumaponyamo utuchi, timitengo tothyokathyoka ndi tizidutswa ta jumbo kuti ziziyandama ngati zinyalala zomwe mtsinje umakokolola.

Koma chenicheni chili pa kudula. Model isakhale pa sikirini nthawi yaitali, masekondi awiri kapena atatu pa shot iliyonse akwana, diso lisanayambe kufufuza. Ine ndikanapanga chonchi, minibasi ikuyandikira mlatho chapatali, imeneyo ndi model. Kenako nkhope ya dalaivala mu minibasi yeniyeni yoima, anyamata akuigwedeza kunja wina akuthira madzi pa galasi. Kenako tayala lenileni likuponda thabwa lenileni lomwe mwalicheka kale kunsi, thabwa nkulira nkuthyoka, chimenechi mutha kuchipanga pakhomo ndi tayala lakutha ndi matabwa awiri oyala pa njerwa. Mubwerere ku model mlatho ukupendekeka minibasi ikutsetsereka, ndipo isanakhudze madzi mudule. Mulowe mkati, kamera yapendekeka, anthu akukuwa akugwerana, wina awakhuthulire ndowa ya madzi amatope kudzera pa windo. Kugwera mmadzi kwenikweniko palibe wakuona koma aliyense adzalumbira kuti anakuona.

Ndipo mawu musawatenge mopepuka, ndi amene amapereka kulemera. Chidole chikagwa chimangoti kwe, nde mawu a pa kamera muwataye onse. Mujambule padera kulira kwa thabwa likamathyoka, injini ya minibasi yeniyeni, lata likumenyedwa, mkokomo wa madzi, nkuwatsitsa liwiro pang'ono mu DaVinci Resolve kuti amveke okhuthala, pulogalamuyi ili ndi version yaulere ngati laputopu yanu ingaikwanitse. Momwemonso muli Optical Flow yoti itha kutsitsa 50 fps ya Canon kupitirira theka, pa galimoto imayesetsa koma pa madzi imapotoza zinthu, nde muyese kaye musanaidalire.

Chinanso chonde, ndikudziwa mtima ofuna shot yabwino. Mukafuna kujambula mtsinje weniweni utadzadza, imani patali pamalo okwera mugwiritse zoom. Gombe la mtsinje osefukira limagumuka mosachenjeza, mitsinje ya Lingadzi ndi Lilongwe yomwe inatengapo anthu. Pasapezeke olowetsa mnzake mmadzi chifukwa cha filimu.

Wa_ku_Biwi:

Za foni zija, itengeni amwene, pa model foni nthawi zina imaposa kamera ya DSLR ngati Canon yanuyo. Sensa yake ndi yaing'ono nde zinthu zambiri zimakhala mu fokasi zokha ngakhale aperture yake siisintha, vuto la mbuu lija limachepa kwambiri. Komanso lenzi yake ili kumapeto, mukaitembenuza foni mutu pansi lenzi imatsika mpaka pa masentimita 7 aja kapena kutsikirapo, mutha kuilowetsa pansi pa mlatho penipeni pomwe Canon singakwane. Musaiyandikitse kwambiri, pansi pa masentimita 10 mafoni ambiri amakanika fokasi, ndipo Portrait mode ikhale yozimitsa chifukwa ntchito yake ndi kupanga mbuu yemweyo tikumuthawayu.

Musanayambe dinani pa sikirini nkugwiritsitsa mpaka fokasi ndi exposure zitsekeke, apo ayi mlatho ukamagwa foni iyamba kusakasaka fokasi kuwala nkumasinthasintha. Slow motion ya pafoni imafuna kuwala kwambiri, mnyumba imatuluka yonyansa komanso mizere ija imabweranso, nde ndi panja basi. Padzuwa lamphamvu foni imathamangitsa shutter mpaka 1/2000 kapena kuposa poti ilibe kabowo kotseka, madontho nkumaoneka akuthwa ngati magalasi osweka, pamenepo mufunika ka ND filter (kagalasi kakuda kochepetsa kuwala) kapena muyese kuika galasi la magalasi a dzuwa osakala kutsogolo kwa lenzi, pansi pa mitambo vutoli limachepa. Pa Android pali app yaulere ya Open Camera, mafoni ena amalola kuika shutter ndi ISO pamanja mmenemo, ena salola. Muonetsetsenso kuti 120 yo ndi yeniyeni, mafoni ena otchipa amangobwereza mafuremu, mukaseweretsa furemu imodziimodzi pa laputopu mudziwa. Ine ndikanayatsa zonse ziwiri nthawi imodzi, Canon chapatali pa tripod foni pafupi, poti mlatho umathyoka kamodzi.

Mfana_wa_Kawale:

Ndamva akuluakulu, za kudula isanakhudze madzi anzanga agwirizana nazo. Funso lomaliza, minibasiyo tizikoka ndi chingwe cha mbedza, nde tiziikoka mwachangu bwanji poti tidzatsitsa liwiro? Poyeserera ikumadumphadumpha pa matabwa.

Madala_a_Kamera:

Liwiro lenileni mumaligawa ndi square root yomwe ija, kwa inu ndi 5. Dalaivala oopa madzi akwera pa mlatho mwina pa makilomita 20 pa ola, amenewo ndi mamita 5 ndi theka pa sekondi, kugawa ndi 5 mupeza mita imodzi ndi kanthu pa sekondi. Ndi changu ndithu kuposa mmene dzanja limafunira, mlatho wa theka la mita iwoloke mu theka la sekondi, pa 120 fps zidzatuluka masekondi awiri ndi theka. Ngati mukufuna izichita kukwawa, theka la mita pa sekondi. Pa Canon ya 50 fps mukoke pang'onopang'ono kuposa apo, chapa masentimita 45 pa sekondi kuti zifanane ndi makilomita 20 aja. Osakoka ndi dzanja lokha limanjenjemera, chingwecho chidutse pa msomali okhoma kumapeto kwa chitseko ndipo okokayo aziyenda chobwerera mmbuyo dzanja lili phee, chingwe chikhale mmunsi chogundana ndi matabwa kuti chisawale.

Kudumphako ndi chifukwa choti ndi yopepuka. Masulani tizomangira ta kunsi muitsegule, mkati mumatemo manati kapena misomali yodula ndi guluu, chakumunsi ndi chakutsogolo komwe kuli injini, ilemere kawiri kapena katatu kuposa panopa. Ikalemera imakhazikika pa matabwa, imathyola pomwe a Nachisale anena kuti mudule kale paja, ndipo ikamapendekeka mphuno ndi imene imatsogola. Matabwa a mlatho akhale olingana msinkhu, kusiyana kwa mamilimita 2 okha pa sikelo yanuyi ndi bampu ya masentimita 5.